Chinangwa Chikhale Masiku Angati M'madzi?

 Lero tikutsikira kwa Atonga, ku Chintheche, m'boma la Nkhata Bay. Eni ake mundikhululukire kuti nkhani yanu ndiikamba m'Chichewa. Ine ndinakulira ku Lilongwe, koma mchombo wa mayi anga unagwera kufupi ndi Bandawe, ndipo tchuthi chilichonse cha sukulu ankatikweza basi kuti tikaone agogo. Chitonga ndimamva, koma ndikati ndiyankhule ana a kumudzi amagwa nako kuseka.

Pakhomo panga pali kakope kakale ka sukulu, kothimbirira ndi utsi. Ndinakalemba chaka chimene agogo anayamba kudwaladwala. Ndinakhala nawo pakhonde ndi cholembera m'manja, n'kumawafunsa ngati wapolisi: chinangwa mumaviika masiku angati? Iwo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mpaka chitapsa." Ndinakakamira kuti anditchulire nambala. Pofuna kuti ndiwasiye, anati, "Lemba anayi." Ndinalembadi: masiku anayi. Ndinatseka kope ndili wokondwa kuti nzeru za agogo ndaziika m'thumba.

Patapita zaka, agogo atatisiya kale, ndinapeza chinangwa chowawa, ndinasenda, ndinaviika mu ndowa kuseri kwa nyumba ku Lilongwe. Unali mwezi wa June, kukuzizira koti munthu sufuna kusamba. Tsiku lachinayi ndinavuula monga mwa malemba. Chinangwa chili gwa, ngati ndachizula dzulo. Ndinaimbira foni azakhali kumudzi, ndipo ataseka mpaka kutsokomola anandifunsa kuti, "Wachinunkhiza? Wachifinya ndi chala? Madziwo achita thovu?" Zonsezi m'kope mwanga munalibe. Ine ndinalemba nambala, agogo anapita ndi mphuno yawo.

Amene simunakhaleko kunyanja, ndikufotokozereni pang'ono. Nsima ya ku Chintheche ndi kondowole, ndipo ufa wake umachokera ku chinangwa, makamaka chowawa. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni amene akatswiri amamutcha cyanide. Sichidyedwa chachiwisi, ndipo kungochiwiritsa sikokwanira. Amayi amachisenda, amachiviika m'madzi, m'mbiya, m'migolo kapena m'timaiwe ta kudambo, mpaka chitafewa ndi kusasa. Kufewako ndiko kumamasula poizoni kuti atuluke. Kenako amachitsuka, amachotsa mtsitsi wa pakati, amachiphwanyaphwanya n'kuchiyanika pa thandala kapena pa thanthwe mpaka chitauma, ndiye asinje mu mtondo kapena apite nacho kuchigayo. Kukatentha, m'miyezi ya October ndi November, ntchito ya m'madzi imafulumira. Kukazizira imachedwa. Chinangwa chachikulu sichifewa tsiku limodzi ndi chaching'ono. Ndiye munthu akakuyankha kuti "mpaka chitapsa", sakukuzemba ayi. Wakuuza zoona zokhazokha, kungoti zoonazo zimafuna kuti ukhale pomwepo, uike dzanja m'madzi onunkhawo, iye ali pambali pako.

Mwina wina akufunsa kuti, nanga anthu amavutikiranji ndi chinangwa chapoizoni pamene chozizira, monga Mbundumali amene ena amati Manyokola, chilipo? Funso limeneli katswiri wa kwathu konkuno, Linley Chiwona-Karltun, anapita nalo kwa alimi a ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1990. Amayi anamuyankha momveka. Chinangwa chowawa wakuba sachizula kuti adye panjira. Anyani ndi nguluwe zimachisiya. Chimadikira m'munda mpaka mwini wake atachifuna, ndipo amene amadziwa kuchikonza ndiye amalamulira tsiku lokolola. Kwa mayi amene mwamuna wake ali kutali, kuwawa kumeneko ndi mlonda wa munda. Kafukufuku yemweyo anapezanso kuti amayi akalawa kansonga ka chinangwa amadziwa kuopsa kwake, ndipo zimene lilime lawo linanena zinagwirizana ndi zimene makina anayeza. Ndikaganiza zimenezi ndimachita manyazi ndi kakope kanga kaja. Ndinkaganiza kuti ndikuthandiza gogo wosaphunzira kusunga zinthu zake, chonsecho wosaphunzira pakhonde paja ndinali ine.

Ndipo nkhaniyi si ya kukoma kokha. M'chaka cha 1981, m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, kunagwa chilala. Anthu anjala analibe nthawi yodikira kuti chinangwa chikonzeke bwino, anachidya mofulumira, ndipo anthu oposa chikwi, ambiri mwa iwo amayi ndi ana, anapuwala miyendo. Matendawa amatchedwa konzo, ndipo amene wapuwala nawo sachira. Choncho mayi wa ku Chintheche akamaphunzitsa mwana wake kufinya chinangwa ndi chala, akumupatsa chinthu chimene chimasiyanitsa chakudya ndi chiphe. Nzeru yotereyi ikadumpha m'badwo umodzi wokha, sibwerera ndi kulira.

Akuluakulu a kunyanja amakumbukiranso zaka za pakati pa m'ma 1980, pamene tizilombo ta kodikodi tinagwa m'minda ya chinangwa ku Nkhata Bay. Masamba anafota n'kukwinyika, mitengo inapinimbira, ndipo anthu amene sankadziwa njala anaima pa mzere kulandira chimanga. Tizilomboti tinagonja pamene akatswiri anabweretsa timavu ting'onoting'ono tochokera ku South America, kwawo kwa chinangwa, timene timaikira mazira m'thupi mwa kodikodi. Kuchokera nthawi imeneyo malo a kafukufuku a ku Mkondezi akhala akutulutsa mbewu zatsopano, monga Sauti, ndipo zathandiza. Koma funsani gogo aliyense za mbewu yakale ya Gomani, muone nkhope yake. Adzakuuzani kuti ufa wake unkayera bwanji, kondowole wake ankanyata bwanji. Mbewu ikasintha, masiku a m'madzi amasintha, kakomedwe kamasintha, ndipo amene akudziwa kusiyana kwake ndi okhawo amene anadya zonse ziwiri. Anthu amenewo akutha, maliro ndi maliro.

Tsopano kaphikidwe. Amene munazolowera nsima ya chimanga mumayamba ndi phala, n'kulisiya lithyakuke, kenako muzithira ufa pang'onopang'ono. Agogo anga kondowole sankaphika choncho. Madzi akawira bwinobwino ankathira ufa, n'kuphula mphika, kuuika pansi, kuupana ndi mapazi atakulunga kansanza, ndiye avundule ndi manja onse awiri. Mthiko wake ndi wolimba, chifukwa wofewa umathyoka. Kondowole amakoka, amakana, amafuna munthu wa mphamvu ndi wachangu. Ukachedwa pang'ono achita mibulu, ukachulutsa madzi achita ngati ulimbo. N'chifukwa chake saphikidwa mu mphika waukulu ngati nsima ya pamaliro ku Dowa. Ndipo sadikira mlendo wochedwa. Ndi wodya wotentha, ndi usipa wauwisi wothira tomato, kapena batala, kapena kampango wowamba, pambali pali chigwada chosinja mu mtondo n'kuwiritsa mokwanira. Chigwadacho ndi masamba a chinangwa chomwecho, ndipo nawonso ali ndi poizoni amene amachoka ndi kusinja ndi moto. Mbewu imodzi, nsima ndi ndiwo.

Ndinene chinthu chimodzi chowawa. Ena mwa ife tinasiya kondowole osati chifukwa choiwala, koma chifukwa cha manyazi. Kusukulu zogonera komweko anzathu ankatiseka kuti kwanu mumadya zomatira nsapato, nsima yonunkha, yoti ukameza sutafuna. Tinaseka nawo kuti atilandire. Titakula n'kupeza ntchito m'tauni, tinagula ufa woyera, ndipo ana athu tinawalera osaudziwa ufa wa kwa amayi awo. Lero mwana yemweyo akapita kumudzi amapempha mpunga, gogo n'kumuphikira pambali ngati wodwala. Gogoyo sadandaula mokweza. Amangosiya kuphunzitsa, poona kuti palibe wofuna.

Chodabwitsa n'chakuti amene ali kutali kwambiri ndiwo amagwiritsitsa. Atonga ndi anthu a ulendo kuyambira kale. Dr Robert Laws atasamutsa mishoni ya Livingstonia kuchoka ku Cape Maclear kubwera ku Bandawe mu 1881, sukulu zinafalikira msanga m'mbali mwa nyanja, ndipo anyamata odziwa kulemba ndi kuwerenga anayamba kupita kukagwira ntchito ku Blantyre, ku Salisbury, ku Bulawayo, ku migodi ya ku Joni. Clements Kadalie, mwana wa m'mudzi wa Chifira kufupi ndi Bandawe, anakafika mpaka ku Cape Town, kumene mu 1919 anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU limene linagwedeza South Africa. Elliot Kamwana, wa dera lomwelo, anabwerera kuchokera kummwera mu 1908 n'kubatiza anthu zikwizikwi mpaka atsamunda anamuthamangitsa. Mayina amenewa ali m'mabuku. Ku Bandawe wakale, pafupi ndi phiri la Makuzi, manda a amishoni ali ndi miyala yolembedwa mayina ndi zaka. Koma amayi amene anatsala, amene anazula, kuviika, kusinja ndi kulera mudzi amuna ali ku ulendo, ena osabweranso n'kusanduka matchona, ntchito yawo sinalembedwe pa mwala. Inalembedwa m'manja mwa ana awo aakazi, ndipo ndi momwemo mmene yatifikira.

Ulendowo sunathe. Pitani pamene pamanyamukira mabasi a ku Johannesburg ku Mzuzu, muone katundu. Pakati pa zikwama mupeza kathumba ka ufa wa kondowole ndi katoni ya usipa wouma, zomangidwa ndi chingwe, zolembedwa dzina ndi nambala ya foni. Mnyamata amene akugwira ntchito ya m'munda wa maluwa ku Randburg kapena ku Cape Town, Loweruka madzulo amaitana anzake a kwawo, amapana mphika ndi mapazi monga ankachitira mayi ake, ndipo m'kachipinda kameneko mumamveka fungo la ku Chintheche. Koma onani: iye amalandira ufa wotha kale. Kuvundula akudziwa, kuviika sakudziwa. Tsiku limene mayi wotumiza uja adzagone, kathumba kadzasiya kubwera.

Pali chakudya china chimene sindingachidumphe, ngakhale ena mukwinya nkhope. Mukaima pagombe la Chintheche nyengo yake, makamaka mwezi ukakhala mu mdima, mumaona ngati utsi ukufuka pakati pa nyanja, mizati yakuda yotalika ngati kwapsa tchire pamadzi. Si utsi, ndi nkhungu, touluka ting'onoting'ono timene timaswa m'nyanja. Mphepo ikatikankhira kumtunda, amayi ndi ana amatuluka ndi malichero ndi madengu onyowetsa, n'kumakupiza m'mwamba kuti timatirire. Akasonkhanitsa amaumba timikate, kukulunga m'masamba, kuphika n'kuyanika, ndipo ndiwo zapezeka. David Livingstone anaziona zimenezi pamene ankayenda m'mbali mwa nyanjayi mu 1861, analawa, n'kulemba m'buku lake. Taganizani: mlendo wongodutsa analemba za nkhungu zaka zoposa 160 zapitazo, koma ife eni ake, amene agogo athu ankadziwa mphepo yobweretsa nkhungu ndi kaumbidwe kake kuti zisachite mchenga, ambiri sitinafunsepo n'kamodzi komwe. Ine ndinadya kawiri kokha. Ulendo woyamba ndinalavula, agogo anandiyang'ana osanena kanthu. Ulendo wachiwiri ndinali wamkulu, ndinapempha ndekha.

Nsomba nazo zikusintha nkhani. Okalamba amatchula mitundu imene inkadzaza mabwato, ntchila, mpasa wokwera mitsinje ngati Luweya nthawi ya mvula, chambo chachikulu ngati mbale. Lero pa thandala pamachuluka usipa, ndipo maneti a udzudzu amene ena anawasandutsa makoka akhala akukokolola ndi tiana ta nsomba tomwe. Makomiti a asodzi m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, mothandizana ndi mafumu, nthambi ya boma yoona za nsomba ndi bungwe la Ripple Africa la ku Mwaya, akhala akulanda maneti oterewa ndi kuteteza malo oswanirana chambo. Ntchito imeneyo ikukhudza mphika mwachindunji. Kaphikidwe ka mpasa sikangasungike ngati mpasa kulibe. Mungalembe bwino bwanji, mwana adzawerenga ngati nthano ya kalulu.

Mu 2017 bungwe la UNESCO linaika nsima pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu a pa dziko lonse choyenera kusamalidwa. Tinanyadira, ndipo n'koyenera. Nawo a Mdauko wa aTonga akamasonkhana ku Chintheche, pamakhala malipenga, chilimika ndi zakudya za makolo. Zonsezi n'zabwino. Koma satifiketi ya UNESCO siinganunkhize ndowa ya chinangwa, ndipo chikondwerero cha tsiku limodzi pa chaka chimaonetsa kondowole wophikaphika, osati sabata yonse ya ntchito imene yamufikitsa pa mbale. Komanso palibe kondowole mmodzi wa Atonga onse. Banja lina limakonda wosasa kwambiri, lina wosasa pang'ono. Ena amasakaniza ndi ufa wa chimanga, ena amati kutero n'kuononga. Wina amayanika pa thanthwe lakutilakuti chifukwa ndi pamene ankayanika amayi ake. Zimenezi boma silingakusungireni. Ndi za pakhomo panu.

Ndiye tichite chiyani? Ine nditalephera ndi kope, ndinabwerera kumudzi kwa azakhali, amene tsopano ndiwo mkulu wa banja. Ulendo uno sindinafunse nambala. Ndinapempha kuti ndikhale sabata yathunthu, kuyambira tsiku lozula mpaka tsiku lodya. Foni ndinaiika pa mpando, ikujambula mawu, ine manja ali m'ntchito. Poyamba azakhali ankayankhula ngati ali pa wailesi, mawu osankha, Chichewa chokakamiza. Ndinawapempha kuti ayankhule Chitonga chawo, ndidzafunsa pambuyo pomwe sindinamve. Pofika tsiku lachiwiri anaiwala za foni ija, ndipo m'pamene zinthu zinayamba kutuluka.

Chifukwa munthu akamasenda chinangwa pakamwa sipakhala chete. Ndinamva za chaka cha kodikodi, momwe agogo anayendera ulendo wa tsiku lonse kukapempha mitengo ya mbewu kwa abale a kumtunda. Ndinamva za agogo aamuna, amene anapita ku Bulawayo n'kubwera patatha zaka zisanu ndi ziwiri ndi sutikesi, jekete ndi galamafoni, ndipo chinthu choyamba chimene anapempha asanalowe m'nyumba chinali kondowole ndi chigwada. Ndinamva za mwana wa agogo amene anamwalira ali wakhanda, amene mayi anga sananditchulirepo. Nkhani zimenezi ukazifunsa pa mpando, munthu atavala bwino, sizibwera. Zimabwera mpeni uli m'manja, maso ali pa chinangwa.

Kwa inu achinyamata amene muli ndi mafoni ojambula, mawu anga ndi awa. Musadikire maliro, pamene aliyense amati "akanakhalapo akanatiuza". Pemphani chilolezo kaye, chifukwa gogo si chionetsero, ndipo zina zimene anganene si za pa Facebook. Jambulani manja, osati nkhope yokha: momwe chala chikulowera m'chinangwa chofewa, mtundu wa madzi, kaimidwe ka mthiko. Mayina a zinthu asiyeni m'Chitonga momwe awatchulira, ngakhale inu mumayankhula Chichewa kapena Chingerezi, chifukwa dzina likatembenuzidwa kanthu kena kamatsalira. Mukatero musasunge pa foni imodzi. Foni imagwera m'nyanja, imabedwa pa depoti, memori khadi imafa osatsanzika. Tumizani kwa abale pa gulu la WhatsApp la banja, wina ku Mzuzu, wina ku Joni, wina asunge pa kompyuta. Kope nalonso lembani, sindikuletsa, koma pansi pa "masiku anayi" muonjezere mwezi umene munaviika, mtundu wa chinangwa, ndi dzina la amene anakuphunzitsani.

Ndipo anyamata musati izi n'za atsikana. Amene akuvundula kondowole ku Randburg ndi amuna. Kunyanja mwamuna amadziwa kuwamba nsomba, kusankha nkhuni zosawawitsa utsi, kuwerenga mwera ndi mpoto asanakankhe bwato. Zimenezonso ndi maphikidwe a banja, kungoti zimayambira pamadzi. Agogo aamuna amene akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango ali ndi zawo zoti anene, ndipo kawirikawiri palibe amene amawafunsa.

Kwa inu agogo ndi azakhali amene mukumvera, nanunso ndikupempheni. Mdzukulu akabwera kuchokera m'tauni n'kukwinya mphuno pa ndowa, musamuthamangitse kuti "choka, udetsa malaya". Mupatseni mpeni. Akasenda mokhotakhota, musamulande. Akaphika wa mibulu, idyani pang'ono, mumuuze pomwe walakwitsa. Ife a m'tauni timachita manyazi msanga, ndipo mukatiseka kamodzi timabwerera ku mpunga.

Sabata ija ikupita kumapeto, tsiku lachisanu ndi chimodzi, azakhali anandituma kukavundukula mgolo. Ndinaika dzanja, ndinatulutsa chinangwa chimodzi, ndinafinya. Chala chinalowa. Ndinanunkhiza, ndinabwerera n'kunena kuti chapsa. Iwo sanapite kukaona. Anangoti, "Vuula." Pa zonse zimene foni inajambula sabata imeneyo, mawu amene ndimabwereza kumvera ndi amenewo, pamodzi ndi phokoso la mafunde kumbuyo ndi tambala wa a neba amene sankadziwa nthawi.

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Tchuthi chikubwerachi tikukwera basi, kudzera ku Salima, Nkhotakota ndi Dwangwa, mpaka titsike pa Chintheche. Azakhali atumiza kale uthenga kuti munda wa kuseri sazula mpaka tifike, ndipo ati mwanayo abwere ndi chitenje chakale, osati zovala za kutchalitchi.